Tinamunyamula Ngati Wagona

Azungu a zikwama zikuluzikulu ndinayamba kuwaona ku Luwawa, zaka zoyambirira za matipate, pamene bambo a kunyumba kwanga ankagwira ntchito ya macheka m'nkhalango ya paini. Ankabwera achinyamata okhaokha, ofiira ndi dzuwa, atabereka zikwama zotalika kupitirira mitu yawo. Ife akazi a kumalayini tinkawaseka. Munthu ndi nzeru zake kukwera phiri pa njinga, thukuta kamukamu, pamwamba pakepo palibe chigayo, palibe msika, palibe m'bale woti akamuone, kenako n'kutsikanso. Ena ankadzimanga zingwe m'chiuno n'kumalendewera pathanthwe, anzawo akuwomba m'manja pansi. Ine ndinkati anthu awa kwawo imfa ndi yosowa, mpaka achite kukwera basi kudzaifunafuna kuno. Sindinkadana nawo ayi. Ndinkangowaona ngati ana a eni ake amene akusewera.

Mng'ono wanga anakwatiwa kumudzi wina kupitirira Jenda, kufupi ndi malire a Kasungu. Mwamuna wake anali ku Joni, monga amuna ambiri a kumeneko. Mwana wawo woyamba, wamkazi, anali atangoyamba kuyenda pamene anadwala malungo n'kutha magazi. Anawatumiza kuchipatala cha pa boma ku Mzimba, ine n'kupita kukadikirira nawo. Mwanayo anatisiya m'mawa wina m'mwezi wa Okutobala, anthu akupita kukatunga madzi osamba.

Kwa apongozi a mng'ono wanga mwana ndi wa kuchimuna, chifukwa ng'ombe zinaperekedwa. Manda ake anali kumudzi kwawoko basi, panalibe zokambirana. Galimoto ya chipatala inali ikuthamangira amoyo, ndipo sindiidandaula. Ya hayala sinali ya anthu ngati ife. Tinangokhala pakhonde, mwana ali pamiyendo panga, osadziwa kolowera.

Amene anatiuza chochita anali mayi wina wogulitsa matimati wa ku Manyamula, amene ankadikirira mwamuna wake. Iyenso anali atadutsamo m'zimenezi. Anagwada pafupi nafe n'kulankhula motsitsa mawu, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka.

“Mumubereke waka ngati wagona,” anatero mayiyo. “Mumufunde mpaka kumutu, mukakwere basi. Kweni kulira yayi. Mukalira m'basi, mbwenu akutsitsani panjira. Mukalirire kumudzi.”

Anali kunena zoona. Madalaivala ndi makondakitala sankalola mtembo m'basi ya anthu. Ankati galimoto imalemera, imafa panjira, komanso pa rodibuloko mafunso amachuluka. Ndiye amayi ambiri ankachita zimenezi mwakachetechete, ndipo mwina inu amene mukuwerenga munakhalapo mpando umodzi ndi mmodzi wa iwo osadziwa.

Mng'ono wanga sakanatha kubereka, choncho mwana ndinabereka ndine. Ndinamuveka sokosi ndi kachipewa kake ka ubweya, ndinamumanga ndi chitenje chimodzi n'kumufunda china. Tisananyamuke ndinamugwira mng'ono wanga mapewa.

“Wamva zimene anena amayi aja?” ndinamufunsa. “Ukangotulutsa mawu, mwana wako agona patchire. Undidikire ine ndikuuze kuti tsopano lira.”

“Ndamva, achemwali,” anatero.

Basi imene tinapeza kudepoti inali yaikulu, yochokera ku Mzuzu kupita ku Lilongwe. Polowa ndinapunthwa pa chikwama. Azungu a zikwama aja anali momwemo, kagulu ndithu, zikwama zawo zitadzaza njira yapakati. Malo anatsala pampando wa anthu atatu, pamene pawindo panakhala mtsikana wachizungu wa tsitsi lomanga kumbuyo, mphuno yosupuka ndi dzuwa. Ndinakhala pakati, mng'ono wanga chakunjira. Mwana ndinamuzungulitsa kumuchotsa kumbuyo, monga amachitira mayi aliyense pokhala pansi, n'kumufukata pachifuwa ali wofundidwa.

Kondakitala podula matikiti analoza ndi cholembera chake.

“Wakugona, mama?”

“Eya, wagona,” ndinayankha, iye n'kupitirira.

Titalowa mumsewu waukulu wa phula, mapiri anayamba kuoneka. Dziko limenelo n'lokongola, sindingakane. Matanthwe aatali, mizere ya paini kutsetsereka mpaka kudambo, utsi wa moto wolusa uli tolotolo kutali. Azungu aja anali pikitipikiti ndi makamera, kuitanizana kuchoka windo ili kupita windo ilo. Ine maso anali pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, kuti ndizidziwa tafika pati. M'basi munkatentha kwambiri, koma pachifuwa panga pankazizira, ndipo kuzizirako kunkadutsa zitenje zonse ziwiri. Ndinkagwedeza miyendo pang'onopang'ono monga amachitira wotonthoza mwana.

Mtsikana wa pawindo uja anali wansangala, ndipo vuto linayambira pamenepo. Anandiyang'ana n'kunena kuti “Muli bwanji,” mawu amodzi okhawo amene ankawadziwa. Ndinayankha ndi mutu. Anatulutsa nthochi n'kuloza mwana. Ndinalandira n'kuiika pambali. Kenako anaona kaphazi ka sokosi katatulukira, n'kukagwira ndi chala. Ndinakokera chitenje msanga. Iye anaseka, poganiza kuti ndikuopa kuti amudzutsa.

Patapita kanthawi nkhope yake inasintha. Anayamba kudzikupiza ndi dzanja, akuloza mutu wa mwana, akuloza windo, akupuma mokweza kuti ndimvetse. Ndinamva bwinobwino. Ankati kukutentha, mwanayu mwamufunda kwambiri, abanika. Ndinapukusa mutu. Analozanso, ine ndinapukusanso mutu, ndipo ndinamuyang'ana ndi diso limene mwana aliyense wa kwathu akanadziwa kuti apa m'posiyira. Iye sanali mwana wa kwathu.

Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wa khanda, ndipo khandalo linayamba kulira. Ndinamva mng'ono wanga akuuma thupi lonse. Nditamuyang'ana ndinaona bulauzi yake ikunyowa mbali zonse ziwiri. Mkaka unali kutuluka wokha. Anali ataluma nsonga ya chitenje. Ndinatembenukira kwa iye, ndinachotsa dzanja limodzi pa mwana n'kumugwira pamkono mwamphamvu.

“Limba mtima, iwe,” ndinamunong'oneza. “Jenda si patali.”

Nthawi yomweyo ndinamva kamphepo pachifuwa. Mtsikana uja anali atavundukula chitenje.

Anaona thonje m'mphuno. Anaona kansalu kamene anamwino anamanga kuchokera kuchibwano kukafika pamutu. Dzanja lake linangoima m'malere, nsonga ya chitenje ili pakati pa zala. Ndinabwezeretsa chitenje, ndinaika chala pamilomo panga, ndinamupempha ndi maso monga sindinapemphepo munthu chibadwire. Anayesa, ndimuchitire umboni. Anatseka pakamwa ndi manja awiri. Koma kulira kunamupitirira, kunatuluka kwa mawu, kwa munthu amene sanauzidwepo kuti kulira kumadikira malo ake.

Ndinamutsina pantchafu ndi mphamvu zanga zonse. Ndikhulupirira anapita nacho chipsera kwawo. Sizinathandize kanthu. Anzake anadumpha zikwama kubwera, akufunsa m'Chingerezi, iye n'kuwayankha akusisima. Bambo wina wa tayi amene anakhala kutsogolo kwathu anamva yankholo. Anaimirira n'kuyang'ana kwa kondakitala.

“Muli chitanda m'basi muno,” anatero bamboyo.

Kondakitala anamenya chitseko ndi chikhatho, basi n'kuima. Ngakhale khanda lija linasiya kulira. Amayi ena kumbuyo anayamba kunena kuti alekeni, afika kale pafupi, koma ena anali atayamba kusendera kutali nafe, atatseka mphuno ngati kuti mwana wa m'mawa womwewo anganunkhe. Dalaivala anabwera yekha. Anali bambo wamkulu, ndipo sanakalipe. Anavula chipewa.

“Pepani chomene, mama,” anatero dalaivalayo. “Kweni khirani. Galimoto si yanga, ndipo kutsogoloku kuli rodibuloko.”

Ndinamuuza kuti tatsala pang'ono, kuti mwana sanalakwire munthu, kuti tikhala kumbuyo kwenikweni. Anangobwereza kuti pepani, tsikani. Mtsikana uja anaimirira n'kumamudandaulira m'Chingerezi, misozi ndi mamina zili mbwee, akudziloza pachifuwa. Dalaivala sanamuyang'ane n'komwe. Mng'ono wanga ndiye anayamba kuimirira. Anatenga kathumba kathu ka mapoto ndi zovala za mwana n'kutsika, pakamwa pali chitsekere.

Anatitsitsa pamtunda, pakati pa nkhalango, popanda nyumba ngakhale imodzi. Kumanzere dambo linatambalala mpaka kumapiri abuluu. Mnyamata wina wachizungu wa kumpando wakumbuyo, amene ndikuganiza kuti sanamve chimene chachitika, anali atatulutsa kamera pawindo akujambula dambolo. Mtsikana uja anafuna kutsika nafe, anzake n'kumugwira. Ndiye anandiponyera botolo la madzi pawindo. Linagwera pa phula n'kugubuduka, ndipo sindinalitole.

Zaka zapita zambiri. Ndikudziwa kuti mtsikanayo ankangofuna kuti mwana apume. Ndikudziwa kuti mwina mpaka lero, kulikonse kumene ali, nkhope ija imamubwerera. Koma kudziwako sikunandichotsere mkwiyo. Mayi wake wa mwana anakhala chete ulendo wonse mkaka ukutuluka, ndiye mlendo amene sankadziwa n'dzina lomwe la mwanayo ndi amene analephera kudzigwira. Nditabwerera ku Luwawa sindinkawasekanso azungu aja akamalendewera pazingwe zawo. Ndinkangolowa m'nyumba.

Tsiku limenelo, basi itazimiririka pakona, kunatsala phokoso la mphepo m'mitengo ya paini. Tinakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Mng'ono wanga anatambasula dzanja n'kugwira kaphazi ka sokosi kaja, kanthawi ndithu. Kenako anandiyang'ana. Milomo yake inali itang'ambika ndi kuluma.

“Achemwali,” anatero, “pano palibe anthu. Ndingalire tsopano?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti lira, mwana wa amayi, lira mpaka mapiri awa amve. Koma kumunsi kwa chitunda ndinamva kulira kwa injini. Inali lole ya matabwa ikukwera pang'onopang'ono, yolowera ku Jenda. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo sindinkadziwa ngati kubweranso ina.

Ndinaimirira n'kumuberekanso mwana kumbuyo. Ndinamufunda mpaka kumutu, ndinabisa mapazi. Ndinavula mpango wanga n'kumuphimba nawo mng'ono wanga pachifuwa pamene panali ponyowa, ndinamupukuta m'maso ndi chala.

“Ayi,” ndinatero. “Dikira kaye.”

Ananyamula kathumba, ine n'kukweza dzanja kuimitsa lole.