Mano a Makina Anandimanga ku Block 6

Makina osokera ali ndi mano. Amene sanasokepo amangoona singano ikukwera ndi kutsika, n'kumaganiza kuti ntchito yonse ndi ya singano. Koma pansi pa kaphazi kopondereza nsalu pali timizere ta chitsulo tosongoka, timene timatuluka, n'kukoka nsalu pang'ono, n'kulowanso. Mano amenewo akatsekeka kapena akatsika, nsalu siyenda. Singano imangobaya malo amodzimodzi, ulusi n'kupiringizana pansi mpaka kuduka.

Ine ndinaphunzira zimenezi kwa bambo anga, amene anali telala wa pakhonde la sitolo ku Balaka. Ana aamuna anali nawo awiri, koma onse mitu inali ku mpira, ndiye sikuludiraiva inagwera ine. Bambo ankamasula timasikuluu tiwiri, n'kuchotsa kambale kachitsulo kamene singano imalowamo, n'kundipatsa mswachi wakutha kuti ndichotse zinyalala pakati pa mano. Akatero ankazunguza gudumu pang'onopang'ono mpaka mano atulukiretu, n'kuyendetsapo chala chachikulu. Mano azituluka muyezo wa chikhadabo basi. Akatsikirapo nsalu imaima, akakwererapo nsalu imakwinyika ngati nkhope ya munthu wodya bwemba. Pansi pa mutu wa makina pali sikuluu imodzi yokwezera ndi kutsitsira, ndipo luso lonse lagona pa sikuluu imeneyo.

Ku Gaborone ndinafika ndili mayi wamkulu kale, amuna anga atamwalira. Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, ndipo ndinamusiya kwa achemwali anga ali Fomu 2. Ntchito ndinaipeza ku Block 6, kwa mayi wina wachitswana amene anasandutsa galaja ya nyumba yake kukhala shopu yosokera. Tonse tinkangowatchula kuti Mma. Makina analipo anayi, amagetsi. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yomweyo, moti ndikatuluka pakhomo ndi kapu ya tiyi ndinkafika pa makina ndisanamwepo. Pemiti yanga yogwirira ntchito inali ya shopu imeneyo yokha. Pasipoti ankasunga Mma m'kabati ya kuchipinda kwawo, ati kuopa akuba. Sindinganame kuti anali munthu wankhanza, chifukwa ndikadwala ankandiphikira phala la mapira ndi manja awo. Koma geti inali yamagetsi, ndipo rimoti inali m'chikwama mwawo.

Chimene tinkasoka kwambiri ndi leteisi, nsalu ya timaluwa ting'onoting'ono imene Atswana amavala pa maukwati. Imabwera itauma gwa ndi sitachi. Sitachi ameneyo akasakanikirana ndi ubweya wa nsalu ndi fumbi la m'tauni muja, amaumbika pansi pa mano mpaka mano kulephera kutuluka. Pakapita masabata angapo makina ena ankaima. Mma ankanyamula mutu wa makina, kuuika m'buti ya galimoto, ulendo kwa makaniko wina ku Maruapula, amene ankaugoneka masiku anayi n'kubweza ali ndi nkhope ya munthu amene wachita opaleshoni. Ine ndinkangoona. Ndinalembedwa kuti ndizisoka.

Chaka changa choyamba chikutha, pemiti ya telala wina wa ku Zambia inatha, ndipo Mma sanaikonzetsenso. Anati osoka ndi ambiri m'tauni. Ndinamuona bamboyo akutuluka pa geti ndi chikwama chimodzi, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Ndinadzifunsa kuti ine ndili ndi chiyani chimene anzanga alibe. Kusoka kwanga kunali kwa pakatikati, ndivomereze. Choncho tsiku lina masana, anzanga akudya panja, ndinatsegula makina amene ankadikira ulendo wa ku Maruapula. Ndinachotsa chibuluma cha zinyalala, ndinagwedeza sikuluu ija, ndinayeza ndi chikhadabo. Pobwera Mma anapeza makina akuthamanga.

“Wachita chiyani iwe?” anandifunsa.

“Ndangowapempherera, Mma.”

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse m'mawa linali langa ndi makina anayiwo, ndipo makaniko uja sanationenso.

Apa ndiye panayambira uchitsiru wanga. Ndinaganiza kuti luso ukaligawa latha mphamvu, ndiye ndinalibisa. Sikuludiraiva ndinkaimangirira m'chiuno, m'kati mwa chitenje. Makina akaima pakati pa sabata, ndinkawafulatira anzanga, n'kutambasula nsalu pamapewa ngati munthu woyamwitsa pagulu, kuti asaone pamene dzanja likugwira. Ndinkadzimva ndithu. Pemiti yanga inakonzedwa katatu ndisanatsegule pakamwa.

Pambali panga pankakhala mayi wina wa msinkhu wanga, wobadwira ku Kadoma ku Zimbabwe, koma makolo ake anali a ku Dedza. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chishona. Tinkaitanana kuti sisi. Makina ake akangoima, ankachotsapo manja msangamsanga ngati wagwira poto wotentha, n'kunena kuti, “Sisi, yafa futi,” kutanthauza kuti yafanso. Mumtima ndinkamunyoza. Mzimayi wamkulu wathunthu osadziwa kumasula sikuluu. Disembala aliyense iye ankakwera basi kupita kwawo. Ine Disembala sindinkachoka, chifukwa ndi mwezi wa maukwati, makina sapuma, makaniko atseka. Ndinkapita pa Isitala, ndipo ndinkaona ngati ndi ulemu kuti shopu singayende popanda ine.

Zaka zinapita, mwana wanga anamaliza sukulu, anakwatiwa ku Lunzu. Mu Juni wina anandiimbira foni kuti ndi woyembekezera, ndipo a kusikelo amuuza kuti ndi pakati pa Disembala.

Kwathu mimba yoyamba ndi ya mayi ake a mtsikana. Ndi mayi amene amadikirira kuchipatala ndi beseni ndi zitenje. Ndi mayi amene amaphika phala, kusambitsa khanda masiku oyamba, kukhala m'chikuta mpaka mchombo ugwe, n'kumulangiza mwana wake zimene sangafunse munthu wina. Amayi anga anandichitira zonsezo. Ine mwanayu ndinamulera pa foni kuyambira Fomu 2, ndipo ichi chinali chinthu chimodzi chimene ndinatsala nacho choti ndimuchitire ndi manja.

“Amama, mubwera eti? Ine ndikuopa.”

“Ndibwera, mwana wanga. Ngakhale wapansi ndibwera.”

Mu Seputembala ndinawauza Mma, anati tiona. Mu Okutobala anatinso tiona. Mu Novembala ndinawaimirira pakhomo la khitchini mpaka anayankha.

“Nnyaa, mma, sizitheka. Disembala? Makina akaima adzutse ndani? Ena apite, iwe ayi. Upite pa Isitala ngati kale.”

“Mma, khanda silidikira Isitala.”

Sanakalipe. Anati ngati ndikufuna kupita pasipoti andipatsa tsiku lomwelo, koma ndisadzabwerenso, adzapeza wina. Ankadziwa kuti mkamwini wanga analibe ntchito yokhazikika, ndipo nyumba ya ku Lunzu inkadya za pa makina anga. Kupita kunali kukaona khanda n'kulilanda chakudya. Kenako Mma anati, “Pokhapokha pakhale wina wodziwa mano amenewo. Ukamuphunzitsa, upite.”

Loweruka lotsatira Mma atapita kogula ulusi, ndinamuitana sisi uja. Kwa nthawi yoyamba ndinatsegula kambale kachitsulo osafulatira munthu. Ndinayamba kufotokoza pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa mwana wa sitandade wani, apa ndi mano, apa ndi mswachi, apa musamange kwambiri. Iye ankangoonerera, manja ali pamiyendo. Nditafika pa nkhani ya chikhadabo, anatambasula dzanja n'kundilanda sikuludiraiva. Anapendeketsa mutu wa makina ndi dzanja limodzi, anamasula sikuluu yanga yachinsinsi ija osaiyang'ana n'komwe, anazunguza gudumu, anamanga. Anaika kachigamba ka leteisi n'kuponda. Msoko unatuluka wowongoka bwino kuposa wanga.

“Ndipo mzere wa kumanzerewu mano atha,” anatero. “Muwauze Mma agule ena. Papita mwezi ndikuwamva.”

Anandibwezera sikuludiraiva, n'kupukuta zala pa diresi.

“Sisi, mumadziwa?”

“Ndinagwira mu fakitale ku Harare zaka zambiri. Makina oposa awa ndinkawatsegula ndekha.”

“Nanga zaka zonsezi mumangoti yafa, yafa, ine n'kumathamanga?”

“Aiwa, sisi, musakwiye. Ku fakitale kuja ndinaona. Anzanga akapita ku holide, ine ndinkatsala ndi makina. Pobwera kuno ndinalumbira kuti sikuludiraiva sindidzaigwiranso pamaso pa bwana. Ndinkakuonani mukutifulatira ndi chitenje chanu, ndinkamva chisoni.”

Manyazi amene ndinachita sindidzawaiwala. Koma manyazi ndinawameza, ndinagwada pa simenti pakati pa zidutswa za nsalu. Ndinamupempha kuti atsale ndi makina chaka chimodzi chokha. Ndinamuuza za mwana wanga, za mantha ake, za lonjezo langa.

“Dzukani, sisi,” anatero. “Mma akadziwa kamodzi, adziwiratu. Chaka cha mawa adzati mmodzi atsale, ndipo tizidzakangana ine ndi inu. Amayi anga maso anafa, amandizindikira ndi mawu. Disembala yense amakhala pakhomo kumvetsera mabasi. Sindikudziwa kuti atsala ndi Madisembala angati.”

“Ndikawauza Mma kuti mumadziwa.”

“Kawauzeni. Ndikana. Akandipatsa sikuludiraiva ndithyola singano iwo akuona.”

Dzanja linandiyabwa, ndinafuna kumuwomba mbama. Sindinawauze Mma, ndipo sikuti unali ubwino wa mtima, ndinangodziwa kuti akana ndipo ine ndioneka wabodza. Telala wachitatu anali bambo wachikulire wa manja onjenjemera, amene ngakhale ulusi tinkamulowetsera pa singano. Ndinayesa kumuphunzitsa masiku awiri, anataya kasikuluu kamodzi m'fumbi, Mma anati basi. Masabata atatu ine ndi sisi uja tinasoka moyandikana osalankhulana. Tsiku lake litakwana anatsanzika, ine sindinadzutse mutu.

Mwana anabadwa Lachinayi masana. Foni inalira ndili ndi mswachi m'manja, makina awiri ali otsegula, madiresi a operekeza mkwatibwi ali mulu pa tebulo. Anali apongozi ake a mwana wanga, amayi a mkamwini. Anati kwabwera mlendo, wamwamuna, onse ali bwino, ndisade nkhawa iwo alipo. Ndinawathokoza ndi mawu onse aulemu amene ndimawadziwa. Mma anaimba nthungululu, anandikumbatira, n'kundipatsa masana onsewo kuti ndipume. Ndinalibe kopita nawo masanawo. Ndinakakhala pa bedi m'kachipinda kanga, ndinalira, kenako ndinabwerera kukatseka makina aja.

Pa Isitala ndinafika ku Lunzu ndi chikwama chodzaza timalaya timene ndinasoka ndekha. Theka la timalayato tinali titamuchepera kale. Mwana wanga anandilandira bwino, sananene kanthu za Disembala, ndipo kusanenako kunandipweteka kuposa kukalipa. M'mawa mwake ndinadzuka msanga, ndinatenthetsa madzi, ndinathira m'beseni, ndinayesa ndi chigongono monga amayi anga ankachitira. Ndinamuvula mdzukulu wanga. Atangokhudza madzi anayamba kulira, akudziwongola m'manja mwanga.

Mwana wanga anatuluka m'nyumba akumanga chitenje. Anaima kanthawi akundiyang'ana, kenako anawerama n'kutenga khandalo m'manja mwanga mwaulemu.

“Amama, dikirani kaye. Sasamba choncho ameneyu. Ndiitane amayi amusambitse, ndi amene anawazolowera.”

Apongozi ake anabwera kuchokera kuseri, anandipatsa moni wogwada, n'kukhala pansi pafupi ndi beseni. Mwana anasiya kulira. Ine anandipatsa thaulo kuti ndigwirizire.