Tsiku Limene Chibonga Changa Chinakhoza Mayeso

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu. Woyamba ndi Fatsani, msuweni wanga, amene lero amagulitsa mbatata ya kachewere pamsewu. Achiwiri ndi malume anga a Sitima, amene anatisiya kale, choncho sangasinthe mawu. Yachitatu ndi mbuzi yathu yamawangamawanga. Tinaidya pa Khirisimasi, koma inaona zonse.

Ndikukumbukira kuti gofu inafika kwathu, kufupi ndi Nzama, ili m'thumba la jekete la malumewo. Ku Joni ankathirira kapinga pabwalo limene mabwana amasewerapo gofu, ndipo pobwerera anatipatsa kampira kamodzi koyera, kolimba ngati mwala, kodzaza timaenje ngati kanadwalapo nthomba. Lamulo anatiuza limodzi: kumenya kampirako ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje. Maenje sanali osowa, poti kudambo tinali titakumba mbewa chilimwe chonse.

Vuto linali ndodo. Fatsani ankasema ndodo za gwafa n'kumasinthanitsa ndi chimanga chootcha, ndipo yemweyo anadzisankha kukhala woyesa ndodo. Ankainunkhiza, kuipinda pabondo, kuiyang'ana ndi diso limodzi, kenako n'kugamula. Zosema iye zonse zinkakhoza. Mpini wanga wa khasu unalephera chifukwa mutu unakula. Nsungwi inalephera chifukwa inalibe mutu. Ndikulumbira, tsiku lina analepheretsa ndodo yosema yekha atangoona kuti yagwidwa ndi ine. Anzanga ankasewera, ine ntchito yanga inali yopirikitsa mbuzi pabwalo. Kampirako ndinali ndisanakamenyepo ngakhale kamodzi.

Loweruka lina ndinanyamula chibonga cha agogo aamuna, chovinira ngoma. Chinali chakuda, choterera ndi thukuta la zaka zambiri, chonunkha utsi wa kudenga, mutu wake ngati chibakera.

"Ichi n'chida cha nkhondo," anatero Fatsani asanachinunkhize n'komwe.

"Nanga iweyo anakusankha ndani?" ndinamufunsa.

Funsoli linali lisanafunsidwepo, ndipo anzathu onse odandaula ndi chimanga chawo anadzuka. Tinakangana mpaka makutu kutentha. Pomaliza tinagwirizana kuti woyesa akhale munthu wosasema ndiponso wosasewera. Munthu woteroyo, wodziwa gofu, m'mudzi monse anali mmodzi.

Malume tinawapeza pansi pa mtengo wa pichesi, atalawako pang'ono.

"Malume, tiyesereni ndodoyi. Fatsani akuti siyoyenera."

"Ndodo sanunkhiza, ana inu, si ndiwo. Ndodo amamenyera. Bweretsani kampira."

Anavula jekete, kulavulira m'manja, kugwedeza chiuno monga ankachitira mabwana awo, n'kumenya. Ndi phokoso lakelo belu la ku mishoni linalira lokha, anthu n'kuyamba kufunsana kuti wamwalira ndani. Kampira kanadutsa munda wa kachewere, kudutsa mabulugama, kudutsa phiri, n'kulowa mu Mozambiki kopanda chiphaso. Alipo ena amati mpaka lero sikanatere.

Malume anaika dzanja pamphumi, kuyang'ana kumadzulo nthawi yaitali, kenako n'kundibwezera chibongacho ndi manja awiri.

"Chakhoza. Mphwanga, mawa usewere."

"Asewere ndi chiyani, malume?" anafunsa Fatsani, misozi ili lengelenge.

Malume anavala jekete lawo n'kunena kuti ali ndi msonkhano.

M'mawa mwake ndinafika pabwalo woyamba, chibonga chovomerezeka chili paphewa. Tinayesa kusewera ndi kachewere, koma nditangomenya kamodzi aliyense anapita kukasamba kumaso. Gofu ya kwathu inathera pomwepo.

Masiku ano ana a m'mudzimo amasewera gofu pa foni, ndipo kampira kawo sikawoloka malire. Ndimamva pa wailesi kuti kunja akuluakulu akulimbana za yemwe ayenera kuyesa zida za gofu, eti timipira tayamba kuuluka mopitirira. Akanafunsa ine, katswiri wa ku Ntcheu amene sanagonjepo chiyambire, ndikanawauza mwaulere: wosema asayese, wosewera asayese, ndipo woyesayo abwere ndi kampira kake.