Tenti ya a Rosie

Kuno ku Milonde anthu akumanena kuti amayi anga aang'ono, a Rosie, mutu sukuyenda bwino. Akumanena pamsika, pamjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Ine zandikwana. Fomu folo ndinamaliza, kulemba ndimatha, ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa kuti amene amawerenga aweruze okha.

A Rosie ndi mng'ono wawo wa amayi anga. Anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana pa esiteti ina imene sinditchula dzina, ndipo imvi zawapeza dengu lili kumsana. Amuna awo anapita ku Joni osabwerako. Mwana alibe. Chimene anali nacho ndi nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndi mphumu imene imawagwira kukangozizira.

Wothyola tiyi akaweramuka kuti awongole msana, choyamba kuona ndi phiri la Mulanje. A Rosie aliyang'ana moyo wawo wonse osafika pamwamba pake. Ankaona alendo akudutsa ndi zikwama zikuluzikulu kukagona kumeneko, iwo n'kumati, "Phiri lili pakhomo panga, ogonamo azikhala a kutali?"

Vuto linali nthawi. Pa esiteti tchuthi amapereka m'nyengo yozizira basi, tiyi akasiya kuphuka. Koma imeneyo ndi nyengo ya chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu, ndipo munthu wa mphumu sangayerekeze kukwera phiri. Chaka ndi chaka tchuthi chawo chinkathera m'bulangeti, akutsokomola.

Chaka chino chisanu sichinabwere. Juni yense anthu ankayenda opanda juzi, phiri lili mbee, lopanda ndi kamtambo komwe. Tchuthi cha a Rosie chinali cha mu Julayi, ndipo anayamba kukonzeka ngati akukonzekera ukwati. Anatolera matumba a feteleza, kuwachapa, kuwasoka madzulo akaweruka mpaka anatulutsa tenti. Anakazinga chimanga ndi mtedza. Anapangana ndi msuweni wawo, a Gabriel, amene amanyamulira alendo katundu kuphiri, kuti awatsogolere.

Tentiyo anabwera kudzaiyesa pabwalo pathu Lamulungu lina. Amayi anga anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe Rosie, wasanduka mzungu liti?"

"Achemwali, miyendo anapatsa azungu okha?"

"Ukagona m'thumba ngati feteleza. Usakasungunuke kumeneko."

A Rosie anaseka nawo. Ndinali ndisanawaonepo akuseka mano onse pamtunda.

Koma kufunda kumene kunawatsegulira phiri kunadzutsanso tiyi. Kutagwa kamvula pang'ono, minda yonse inabiriwira, nsonga zatsopano zili tho. Othyola aganyu anali atawachotsa kale, monga amachitira chaka chilichonse dzinja likatha. Ndiye ntchito yonse inagwera otsala. Kutatsala pang'ono kuti anyamuke, kapitawo wawo, a Fanuel, anawapeza pakhonde akupinda tenti.

"Mayi Rosie, tchuthi chaimitsidwa. Nsonga zatuluka."

"Chaimitsidwa mpaka liti, a kapitawo?"

"Mpaka kuzizire."

"Kukazizira ine ndimagona, mukudziwa bwino."

"Ndiye mudzapumula mokwanira. Si tchuthi chimenecho?"

A Fanuel anakanda m'mutu n'kumaliza: "Mukapanda kuoneka kumunda, makiyi a nyumba mubweze. Si ine, ndi ku ofesi."

Apa ndi pamene mtima wanga umatentha. A Fanuel amenewa anakulira m'nyumba za kampani zomwezo, a Rosie ankawagawira zigumu ali kamwana ka mamina. Lero akuti si ine, ndi ku ofesi. Ofesi ili ndi miyendo? Munthu wathyola tiyi kuyambira ine ndisanabadwe, dzuwa ndi mvula, osajomba. Wapempha chinthu chimodzi, chimenenso chinali chake kale, akuti masamba sangadikire. Masamba.

Amayi anga anasiya nthabwala, anayamba kudandaulira.

"Rosie, phirilo silikupita kulikonse. Nyumba ukaluza ukakhala kuti?"

"Phiri silikupita, inde. Nanga chifuwa changachi chikundidikira? Chaka chofunda chonchi munachionapo liti, achemwali?"



A Rosie anapita. Tsiku limene anzawo ankalowa m'munda ndi madengu, iwo anali panjira ya kuphiri, tenti pamutu, a Gabriel patsogolo. A Gabriel akuti a Rosie ankapumira pafupipafupi, nthawi zina kukhala pamwala osatha kulankhula, koma atawafunsa ngati abwerere, anawatukwana. Anafika pamwamba, pamene pali udzu wokhawokha ndi timitsinje tozizira, n'kukhomapo matumba awo aja pafupi ndi matenti okongola a alendo.

Pobwera anapeza katundu wawo ali pakhonde, pachitseko pali loko wina. Mapoto, mphasa, wailesi, zonse pamulu, nkhuku za eni ake zikukwerapo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa kumalayini a nyumba za kampani amene anaganiza zowasungira.

Pano akukhala kwathu, timagona chipinda chimodzi. Amagulitsa tomato pamsika, pomwe anthu amawalozera kumbuyo. Sindinamvepo wina akunena kuti amisala ndi aja anathamangitsa munthu chifukwa chotenga tchuthi chake. Ayi, wamisala ndi a Rosie.

Inenso, kunena zoona, tsiku lina ndinawapsera mtima nditawaona akutsokomola pamsika, fumbi lili m'maso. Ndinawafunsa kuti kumwambako anaonako chiyani chosiyira nyumba.

"Esiteti yonse ija," anatero, akukweza chala chachikulu, "ndinaiphimba ndi ichi."

"Nanga nyumba yanu?"

"Ndinaifunafuna, mwanawe. Sinaoneke n'komwe."