Chigafa Chimene Bambo Sanawotche

Ndikukumbukira fungo la chigafa chikupsa. Fodya akamapsa amayamba wanunkhira, kenako amakutsamwitsa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala pa esiteti ya a Chimwala kufupi ndi Santhe, kumene bambo anga, a Nkhoma, anali tenanti kuyambira ndisanabadwe.

Masana amenewo ndinkasoka fodya pamthunzi, manja ali bii. Ndinamuona ndi maso angawa Lameki, mwana wa abwana, wandevu kale, akuwotcha chimanga m'mbali mwa chigafa. Mphepo inakankha moto, udzu unagwira, iye n'kuliyatsa liwiro. Chimanga chake sanachisiye ayi. Bambo nawonso anaona ali m'munda.

Abwana atafika anasonkhanitsa matenanti onse, phulusa likufukabe. "Wachita zimenezi ndani?" Bambo anavula chipewa.

"Ndine, bwana. Ndinasiya moto osazimitsa."

"Bodza!" ndinakuwa. "Ndi Lameki!"

Bambo ananditsina pamkono mpaka chikhadabo chinalowa. Chibadwire changa anali asanandikhudzepo, koma tsiku limenelo anandikhetsa magazi chifukwa cha mwana wa eni.

Pambuyo pake anandifotokozera kuti chaka cha njala a Chimwala anatipatsa chimanga, ndipo wokudyetsa sumuchititsa manyazi pagulu. Ankaganiza kuti abwana adziwa okha zoona, akalipa pang'ono, nkhani n'kutha. Kudziwa abwanawo ankadziwa ndithu. Koma patatha masiku atatu anatithamangitsa; tinali pangolo ndi mphasa, mapoto ndi nkhuku ziwiri, chimanga chathu chitatsala m'munda. Mbiri yoti a Nkhoma amawotcha zigafa inatitsogolera mpaka ku Chamama, moti palibe esiteti inawalandira. Ine sukulu ndinaima zaka ziwiri. Komabe mpaka imfa yawo bambo sanatchule dzina la Lameki, ndipo wina akanyoza a Chimwala iwo ankanyamuka n'kuchokapo. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Masiku ano zigafa zambiri zinagwa, anthu akulima soya, ndipo achinyamata sakhala kwa bwana mmodzi nyengo ziwiri. Akuluakulu amadandaula kuti kukhulupirika kunatha. Ine ndimati kuthe, ngati ndi kuja koyenda mbali imodzi ngati madzi a m'ngalande. Ana anga ndimawauza kuti azikakamira munthu amene nayenso angavule chipewa chifukwa cha iwo.

Koma pakamwa pokha ndi posavuta. Pamaliro a bambo, Lameki anabwera pa galimoto, mimba patsogolo, n'kupempha kuti ayankhule. "Malemuwa anali munthu wokhulupirika kwambiri," anatero osaphethira. Ndinadzuka pakati pa azimayi, mawu ali kale pakhosi. Mayi anandigwira mkono, pachipsera pomwe paja.

"Khala pansi, mwanawe. Uwachititsa manyazi bambo ako."

Ndinakhala pansi, ndipo chimenecho sindinadzikhululukirebe.