Nyimbo zikang'ambika kwathu, si phwando

Alongo anga a Yohane, lelo chakwana chaka chimwalilileni, ndipo sipika yanu yang'ambikanso. Ndinu munatipatsa pamodzi ndi laputopu, n'kutiphunzitsa kuti voliyumu izikhala pakati, chifukwa ikafika kumapeto nyimbo imangolila ngati chitini. Masana aja munabwela panjinga, mutamva phokoso mukali kumsewu, munadziwa kuti pali chimene chikubisidwa. Munakankha chitseko, n'kuzula waya, n'kupeza atate ake Tisa atandiponda pakhosi. Munawagwila malaya n'kunena kuti, "Mlamu, ukadzakwezanso ndidzamva, ngakhale ndili ku Nyimba."

Dzulo atate ake Tisa anakwezanso mpaka kumapeto. Anandikwapula ndi waya womwe uja, Tisa akulila kumsana kwanga, aneba akuyesa tikuvina. Diso latupa, dzino likugwedela, ndipo akuti tsiku lina sadzasiya. Ndikulemba msangamsanga asanabwele kuchokela kumsika. Inu simungamvenso, alongo anga. Koma inu a ku Kaumbwe amene mukuwelenga, chonde, mukamva nyimbo zikung'ambika kwathu, si phwando ayi. Thamangani, thyolani chitseko.