Masiku Atatu pa Nangula ku Usisya

Ndimakumbukabe kulira kwa unyolo wa nangula ukamakhula pamiyala. Boti la alendo lomwe ndinkagwirako ntchito linaima kwathu ku Usisya, kudikira kuti mphepo ya mwera ileke. Onse anatsikira kumtunda, ine anandisiya kuti ndiziyang'anira nangula asazuke. Ndinkadya ndi kugona momwemo.

Ndili m'botimo ndinkaiona nyumba ya agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Ndinali nditamva kuti akudwala. Masiku awiri sindinaone utsi pakhomo pawo, ndipo ndinkaopa kufunsa asodzi odutsa.

Tsiku lachitatu msodzi wina anagunditsa bwato lake paboti lathu.

"Ada, agogo anu akuti mwanyada, simukutsika bwanji? Adzuka lero, aphika okha."

Anandipatsira kambale ka kondowole, nsima ya chinangwa yomwe agogo anaphika, n'kupalasa kumapita.