Duwa Lokana Manyowa

Akazi anga anagula duwa la okidi ku Chipata, mizu yake ili pamtunda m'timakungwa. Popita kumaliro ku Zingalume anati, "Musalikhudze, bambo."

Ine mlimi, andiphunzitse za mbewu? Mizu ija inandinyansa. Ndinaikwirira ndi manyowa a m'khola, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo ngati repu. Linaola. Duwa lanji lokana manyowa!

Atabwera, ndinanamizira mng'ono wawo Esinati kuti analifukula pofuna timizu tophikira chikanda, poti maluwa ake amafanana ndi a chikanda cha kutchire. Anakangana mpaka anthu kutuluka m'nyumba.

Chimandipsetsa mtima n'chakuti Esinati akudziwa kuti ndine ndinaliononga. Akaphika chikanda amandidulira chachikulu, n'kunena mokweza kuti, "Idyani alamu, n'cha duwa lija."

Ndipo ndimadya.